Chalimbana ndi Kalata ya ku Migodi

Munthu akacoka mu Lusaka nalowera kum'mawa pa mseu waukulu wopita ku Chipata, atayenda mailosi pafupi-fupi 30 amafika pa Chongwe. Pafupi pomwepo pali kamtsinje kochedwa Chalimbana, kamene kamathira madzi ace mu mtsinje wa Chongwe. Dziko limeneli ndi la Asoli, anthu a Mfumukazi Nkomeshya, amene caka ndi caka amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula asanayambe kubzala. M'mbali mwa kamtsinjeko muli sukulu imene inatenga dzina lace. Masiku ano ndi yunivesite, koma pamene inakhazikika pamenepo m'caka ca 1939 inali sukulu ya aphunzitsi oyendera masukulu a ku midzi, ndipo anthu anali kuicha Jeanes.

Mbiri ya sukulu imeneyi imakhudza munthu ali yense amene anagwirapo nchito kutali ndi kwao. Pamene migodi inayamba kutulutsa mkuwa, wa Roan Antelope pa Luanshya mu 1931, wa Nkana mu 1932 ndi wa Mufulira mu 1933, amuna ambiri anasiya midzi yao. Ena anali atapita kale ku Broken Hill, ku Wankie ndi ku Joni. Cingwe comangira mwamuna wotere ndi banja lace cinali kalata. Kalata ikafika pa mudzi, mai wa pa nyumba anali kuisomeka ku denga kufikira atapezeka wodziwa kuwerenga, ndipo kawiri-kawiri wodziwayo anali mwana wa sukulu. Atawerenga, mai uja anali kumkhazika pansi kuti alembe yankho. Apa ndipo panali kuonekera ngati sukulu ya pa mudzi iri ndi phindu kapena ai. Mwana wina anali woloweza katekisimu yense, koma pomuuza kuti alembe kuti ng'ombe yafa, cimanga catha m'nkhokwe ndipo ndalama ya msonkho ifunika mwezi uno, dzanja lace linali kuuma.

Funso limodzi mwa mafunso amene aphunzitsi a Jeanes analimbana nao linali lomweli: kodi mphunzitsi acite ciani kuti mwana alembe zimene azidziwa, ndi kuti zolemba zacezo zithandize anthu a kwao?

Masukulu a Kale

Kufikira caka ca 1924 dziko lino linali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company. Kampaniyo inali kusonkhetsa msonkho, koma pa za maphunziro a anthu akuda inacita pang'ono zedi. Sukulu imodzi yokha yosakhala ya mishoni inali Barotse National School ya ku Mongu, yotsegulidwa mu 1907. Nchito yonse yotsala inali ya amishoni. M'dziko la Chongwe momwemo wansembe wa gulu la Ajezuiti, Bambo Jules Torrend, anakhazikitsa mishoni ya Kasisi mu 1905. Iye anali wokonda zinenero. Anamvera nthano za anthu a dziko lino nazilemba, ndipo mu 1921 zinasindikizidwa m'buku ku London. Koma wolemba nthanozo anali mlendo, ndipo owerenga ace anali a ku Ulaya. Eni nthano anali kungozikamba pa moto madzulo, osaganiza kuti mwana wao angathe kuziika pa pepala.

Mishoni iri yonse inali ndi timasukulu tace tambiri m'midzi. Kasukulu kotere kanali kanyumba ka udzu, mwina mthunzi wa mtengo cabe, ndi mitengo yogoneka yokhalapo ana. Mphunzitsi wace anali munthu wophunzira pang'ono, amenenso anali mlaliki, ndipo m'mishoni anali kumyendera mwa kamodzi-kamodzi. Ana anali kupfuula zilembo onse pamodzi, nazijambula pa mcenga ndi cala, kapena pa sileti ngati mwai unalipo. Kulemba kunali kukopera. Mphunzitsi anali kulemba mau pa bolodi, ana nawatsata cilembo ndi cilembo. Pambuyo pace panali lembetso, ndipo wolakwa anali kulawa nthyole. Mwana womenyedwa cifukwa ca cilembo cimodzi amaphunzira msanga nzeru yoipa, ndiyo ya kulemba mau ocepa kuti zolakwa zicepe. Akulu a pa mudzi nao anali kuiona sukulu ngati cinthu ca eni ace, cimene cinali kuwalanda abusa a ng'ombe ndi kunyoza miyambo yao.

Mphatso ya Anna Jeanes

Dzina lakuti Jeanes linacokera kutsidya kwa nyanja. Anna T. Jeanes anali mai wolemera wa mu mzinda wa Philadelphia ku Amereka, wa mpingo wa Quaker. M'caka ca 1907, patatsala miyezi yowerengeka kuti amwalire, anapereka madola 1,000,000 kuti athandize timasukulu ta ku midzi ta anthu akuda a kum'mwera kwa dzikolo, ana ndi zidzukulu za akapolo. Mmodzi wa osunga cumaco anali Booker T. Washington wa ku Tuskegee. Ndalama zambiri sizinapite ku njerwa ndi malata ai. Zinalipira aphunzitsi odziwa nchito kuti aziyendera anzao a m'timasukulu takutali ndi kuwathandiza pa malo pao pomwepo.

Woyamba wa aphunzitsi oterewa anali Virginia Randolph, wobadwa kwa makolo amene anali akapolo. Mu 1908 anapatsidwa masukulu 23 a m'dera la Henrico ku Virginia. Iye pofika pa sukulu sanali kuyang'ana buku lokha. Anali kuyang'ana bwalo ngati lasesedwa, nyumba ngati yapakidwa njereza, ndi mitengo ngati yabzalidwa. Ndipo anali kulowa m'nyumba za makolo nawaitana kuti adzaone cimene ana ao analikucita. Nzeru ya nchito yonseyi inali yakuti sukulu imene makolo saidziwa siingathe kukula.

Mu 1924, caka comwe Boma la ku Mangalande linalandira dziko lino kucoka kwa kampani ija, kunafika gulu la ofufuza za maphunziro lotumidwa ndi bungwe la Phelps-Stokes la ku New York. Mtsogoleri wace anali Dr. Thomas Jesse Jones, ndipo m'gulumo munalinso Dr. James Aggrey, mwana wa Afrika wa ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Gululi linakomana ndi amishoni pa msonkhano wao waukulu pa Kafue. Uphungu wace unali wakuti Boma likhale ndi mkulu woyang'anira maphunziro a anthu akuda, kuti ana ang'ono aphunzire m'cinenero ca kwao, kuti kuwerenga, kulemba ndi masamu zitengedwe pa za umoyo, za ulimi, za m'nyumba ndi masewera a pa mudzi, ndiponso kuti pakhale aphunzitsi oyendera anzao monga a ku Amereka aja.

Mu 1925 G. C. Latham anakhala mkulu woyamba wa maphunziro a anthu akuda, ndipo caka comweco sukulu yoyamba ya Jeanes mu Afrika inatsegulidwa pa Kabete ku Kenya. Zina zinatsata pa Domasi ku Nyasaland, ndi pa Domboshawa ndi Hope Fountain ku Southern Rhodesia. Ya dziko lino, pofika 1930, inali itayamba nchito pa Mazabuka m'manja mwa Mbusa J. R. Fell, amene kale anali mkulu wa sukulu ya mishoni pa Kafue. Mu 1935 likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka, ndipo patapita zaka zinai sukulu ya Jeanes nayo inacoka ku Mazabuka nidzakhala pa Chalimbana, pafupi ndi likulu latsopanolo.

Mudzi wa Citsanzo

Wophunzira wa Jeanes sanali mnyamata ai. Anali mphunzitsi wokhwima kale, wosankhidwa ndi mishoni yace, ndipo anali kudza ndi mkazi ndi ana. Mabanjawo anali kukhala m'mudzi wa citsanzo, nyumba iri yonse ndi bwalo lace losesa, cimbudzi ndi kadimba. Mwamuna anali kuphunzira njira zophunzitsira, ulimi, ukalipentala ndi za umoyo; mkazi anali kuphunzira kusoka, kulera ana ndi kusamala madzi akumwa. Anthu a mitundu ndi mipingo yosiyana-siyana, amene kwao sakadadya m'mbale imodzi, anali kutunga pa citsime cimodzi. Mafumu nao anali kuitanidwa pa Chalimbana kudzaphunzira za kuyendetsa maiko ao, pakuti kunadziwika kuti mphunzitsi sangapambane pa mudzi pamene mfumu yamfulatira.

Atatsiriza, mphunzitsi uja anali kubwerera kwao napatsidwa masukulu angapo oti aziwayendera, pa njinga kapena pansi. Sanali kufika ngati wapolisi wodzagwira wolakwa. Anali kugona pa sukulupo masiku angapo, kuphunzitsa yekha mwini kalasi alikupenya, kukonza naye zipangizo, ndi kuceza ndi anyakwawa ndi makolo pa bwalo. Zipangizozo zinali za pa mudzi pomwepo, pakuti ndalama panalibe.

Munthu akaisinkha-sinkha nzeru imeneyi pa nkhani ya kulemba, apeza njira zinai zimene mphunzitsi wa pa mudzi anatha kuzitsata popanda kugula kanthu ku sitolo.

Yoyamba inali yakuti kukamba kutsogole, kulemba kutsate. M'malo mokopetsa ana mau a m'buku la ku Ulaya onena za matalala ndi sitima za pa nyanja, mphunzitsi anatha kuwafunsa cimene anaona pa njira m'mawa womwewo. Wina anena kuti anyani alowa m'munda mwa amalume ace, wina kuti mtsinje wadzala. Mphunzitsi alemba mau a mwanayo pa bolodi monga momwe wawanenera, kalasi yonse niwerenga. Tsiku limenelo mwana amazindikira cinthu cacikulu, cakuti zilembo si za Azungu okha, ndi kuti mau otuluka m'kamwa mwace angathe kukhala pa bolodi ndi kuwerengedwa ndi anzace.

Yaciwiri inali kalata yeni-yeni yopita kwa munthu weni-weni. Cimangirizo colembera mphunzitsi yekha cimathera m'kope, koma kalata yopita kwa atate ku Nkana iyenera kumveka, cifukwa ikapanda kumveka ndalama siibwera. Mwana wolemba kalata yotere amadzifunsa yekha ngati moni wace uli waulemu, ngati wachula tsiku ndi dzina la mudzi, ngati keyala ya pa envulopu iri yokwanira kuti ifike pa komboni yoyenera. Amaphunziranso cinthu cimene siciri m'buku, ndico kusunga cinsinsi. Pakuti wolembera amai a eni ace kalata amamva za m'nyumba mwao, ndipo akaziulula pa citsime sadzaitanidwanso.

Yacitatu inali kutuma ana kwa agogo ao. Mwana akafunse nthano, miyambi, zirapi, maina a mitengo ya mankhwala, ndi kumene pfuko lace linacokera. Alembe zimene wamva. Ndipo tsiku lina nkhalamba yomwe inamuuzayo iitanidwe kudzamva mdzukulu wace alikuwerenga pamaso pa anthu. Nkhalambayo siidziwa cilembo nkamodzi komwe, koma ndiyo idziwa ngati nkhani yapotoka, ndipo imakonza. Cotero munthu amene dzulo anali mdani wa sukulu lero wakhala mmodzi wa aphunzitsi ace.

Yacinai inali kope limodzi la kalasi yonse. Pepala linali losowa, tsono cimene cinali bvuto cinasanduka mwai. Pa dimba la sukulu panali zambiri zofunika kulemba: tsiku la mvula yoyamba, tsiku lobzala nyemba, mzere umene unathiridwa manyowa ndi umene sunathiridwe, ndi madengu amene anakololedwa. Ana polemba mosinthana, wolemba lero anali kuwerenga za mnzace wa dzulo, wodziwa nathandiza wofooka, popeza manyazi a kope loipa anali a onse. Mutu umodzi susenza denga.

Si aphunzitsi onse amene anatsata njira zoterezi. Ambiri anali ndi ana ocuruka, malipiro ocepa ndi mayeso owadikira, ndipo kukopetsa ndiko kunali kwapafupi. Koma pa njira zinaizi pali mzu umodzi: mwana amalemba bwino pamene adziwa cimene alikulemba, ndipo pali munthu amene alikudikira kuciwerenga.

Kumene Zolemba Zinapita

Mphunzitsi wouza ana kuti zolemba zao ziri ndi nchito anafunika umboni, ndipo zaka zomwezo umboniwo unayamba kupezeka. Mu 1933 Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma ku Nyasaland, anapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la zinenero za mu Afrika la ku London cifukwa ca buku lace la Cinyanja lochedwa Nthondo. Caka cotsatira Mbusa T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi. Nkhani yace inali ya munthu wa pa mudzi, kuyambira kubadwa kwace, ulendo wace wa ku nchito, kufikira ufumu wace. Ntara sanafune nkhani ya kutali. Analemba za anthu a kwao, ndipo a kutali anaziwerenga.

Mu 1936 Boma linayamba nyuzipepala ya Mutende, yolembedwa m'Cingerezi, Ciwemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi, ndipo inakhala kufikira 1952. Aphunzitsi, akalaliki ndi anthu a ku migodi anali kutumizako makalata ao. Mu 1937 kunakhazikitsidwa bungwe la African Literature Committee, limene linali kuitanitsa zolemba za anthu akuda ndi kupereka mphotho, ndipo mu 1948 nchito yace inatengedwa ndi Publications Bureau ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, imene likulu lace linali mu Lusaka. Ambiri mwa olemba mabuku a nthawi imeneyo anali aphunzitsi. Pamene wailesi yochipa ija ya maonekedwe a poto inafika mu 1949, yogulidwa mapaundi 5 ndi batire ya masheleni 25, makalata anasefukira ku nyumba ya wailesi mu Lusaka: mwamuna wa pa Mufulira kupereka moni kwa mkazi wace ku mudzi, mai kufunafuna mwana wace wotayika m'tauni. Dzanja limene linaphunzira pa mcenga tsopano linali kulankhula ndi dziko lonse.

Madandaulo

Komabe nchito ya Jeanes sinakondweretse onse, ndipo odandaulawo anali ndi zifukwa zomveka. Makolo anaona kuti nchito za malipiro abwino, za ukalaliki pa Boma ndi pa mgodi, zinali kupita kwa odziwa Cingerezi amene anapambana mayeso a Standard VI. Anaonanso kuti ana a Azungu sanali kupatsidwa khasu pa sukulu. Tsono anafunsa kuti, kodi maphunziro a dimba ndi nthano za agogowa si msampha wakuti munthu wakuda akhalebe pansi? Ku Amereka komwe W. E. B. Du Bois anali atatsutsa kale maganizo a Dr. Jones pa cifukwa comweci. Caka comwe Chalimbana inatsegulidwa, 1939, ndico cakanso cimene sukulu ya Munali inayamba maphunziro a sekondale mu Lusaka, ndipo mitima ya anyamata anzeru inalunjika kumeneko.

Pang'ono-pang'ono Chalimbana inasanduka koleji ya aphunzitsi a makalasi apamwamba, dzina la Jeanes nilizimirira. Koma cizolowezi cosonkhanitsa anthu ophunzira a mitundu yambiri pa malo amodzi cinabala zipatso zimene Boma la atsamunda silinaziyembekeze. Harry Nkumbula, amene anali mphunzitsi ku migodi, anapitira pa Chalimbana asanapite ku Makerere mu 1946, ndipo mu 1951 anakhala mtsogoleri wa Congress. Robert Mugabe anaphunzitsa pa Chalimbana kuyambira 1955 kufikira 1958, pamene anapita ku Ghana. Anthu ophunzitsidwa kulemba za kwao anayamba kulemba za dziko lao.

Zaka za Cingerezi

Ufulu utabwera mu 1964, Boma latsopano linali ndi nkhawa yomanga mtundu umodzi mwa mitundu yambiri. Mu 1965, John Mwanakatwe ali nduna ya maphunziro, kunagamulidwa kuti Cingerezi cikhale cinenero cophunzitsira kuyambira Grade 1, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linatsimikiza zimenezi. Zifukwa zace zinali zooneka zabwino. M'komboni ya ku migodi kalasi imodzi inali ndi ana a zinenero zambiri. Mphunzitsi wa ku Mongu anayenera kutha kugwira nchito ku Chipata. Ndipo Cingerezi sicinali ca mtundu uli wonse wa m'dziko. Mu 1970 Chalimbana inapatsidwa nchito yatsopano yoonjezera maphunziro a aphunzitsi amene anali kale pa nchito, ndipo kwa zaka zambiri inadziwika ndi dzina lakuti NISTCOL.

Koma m'kalasi ya ku mudzi zinthu zinabwerera kumene zinali kale. Mwana wa zaka 7 sangalembe za anyani a m'munda mwa amalume ace m'cinenero cimene sacimva. Cimene angathe ndico kukopera pa bolodi ndi kubwereza mau pamodzi ndi anzace. Eddie Williams, katswiri wa ku Mangalande, anayesa ana a ku Zambia ndi a ku Malawi. Anapeza kuti pa Cingerezi panalibe kusiyana kweni-kweni, ngakhale ana a ku Malawi anali kuphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba. Koma pa kuwerenga cinenero ca kwao, ana a ku Malawi anaposa a ku Zambia kutali. Ndiko kunena kuti ana ambiri a dziko lino anataya cinenero cao pa pepala osapindulapo Cingerezi.

Mau a Akulu Akoma Akagonera

Mu 1996 Boma linalengeza m'cikalata ca Educating Our Future kuti mwana ayambe kuwerenga ndi kulemba m'cinenero ca kwao. Mu 1998 njira yatsopano inayesedwa m'Ciwemba ku Kasama, yocokera ku bungwe la Molteno la ku South Africa, ndipo pofika 2003 inali itafalikira m'dziko lonse ndi dzina lakuti New Breakthrough to Literacy. Njirayo inali yotere. Mphunzitsi anali kuonetsa ana cithunzi ca za pa mudzi, pa msika kapena pa nyumba, naceza nao. Mwana akanena ciganizo cace, anali kucipanga ndi timakadi ta mau, naciwerenga, nacilemba m'kope lace la nkhani pamodzi ndi cithunzi cojambula yekha. Kalasi inali kugawidwa m'magulu anai. Gulu limodzi liri ndi mphunzitsi pa ngodya, ena atatu alikuthandizana okha. Mphunzitsi wa Jeanes akadauka kwa akufa nalowa m'kalasi yotere, akadaizindikira msanga: kukamba kunali kutsogola, kulemba kutsata, ndipo wodziwa anali kuthandiza wofooka. Mu 2013 Chalimbana inalengezedwa kukhala yunivesite, ndipo mu 2014 Boma linalamula kuti zinenero za m'dziko zikhale zophunzitsira kuyambira Grade 1 kufikira Grade 4.

Koma pa Chongwe pomwepo panatsala funso lowawa. Zinenero zobvomerezedwa pa sukulu zinali zisanu ndi ziwiri: Ciwemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Cisoli panalibe. M'dera la Lusaka cosankhidwa cinali Cinyanja, cifukwa ndico cinenero ca m'tauni ndi ca pa msika. Cotero mwana wa m'mudzi wa Cisoli, wokhala m'mbali mwa mtsinje womwe unapatsa sukulu ija dzina, anauzidwa kuti alembe m'cinenero ca kwao, koma buku limene anapatsidwa silinali la cinenero ca agogo ace. Ngakhale mwana wa m'komboni za Lusaka anapeza kuti Cinyanja ca m'buku ndi Cicewa ca ku Chipata, cosiyana ndi cimene amalankhula pa mseu. Bvuto limeneli lamulo la Boma silingalithetse lokha, pakuti kusindikiza mabuku m'zinenero zonse za dziko kumafuna cuma cambiri. Koma njira za kale zija sizifuna makina osindikizira. Nthano ya Cisoli yolembedwa ndi mdzukulu, niwerengedwa pamaso pa mwini wace, imafuna kope, pensulo ndi mphunzitsi amene sanyoza cinenero ca ana ace.

Lero mwamuna wogwira nchito ku Kitwe kapena ku Solwezi sadikiranso kalata ya pa positi, ndipo mai wa ku mudzi sasomekanso envulopu ku denga. Uthenga umafika pa foni ya m'manja tsiku lomwelo. Koma uthengawo ufunabe woulemba ndi wouwerenga, ndipo m'midzi yambiri foni ikalira amaitana mwana wa sukulu monga kale. Mayeso a sukulu ya pa mudzi akali omwewo a masiku a Mazabuka ndi Chalimbana. Kholo lofuna kudziwa ngati mwana wace alikuphunzira lisayang'ane ukhondo wa zokopera m'kope cabe. Limpatse pepala loyera madzulo, limuuze kuti alembere atate ace za ng'ombe, za nkhokwe ndi za mvula ya caka cino, ndipo atatha limuuze kuti awerenge pamaso pa agogo ace.